Zikwa zimenezo musazigwire ndi manja

Achimwene, choyamba muuzeni mwanayo ataye zikwa zimene wanyamulazo, akasambe m'manja osatikita m'maso. Chithunzi mwatumiza m'gulu muno cha zikwa za pa mtengo wa tsanya ku Nankumbacho ndachikulitsa kawiri, manja anga ayamba kuyabwa ndili khale pakhonde kuno kwa Mponda. Inu amene mukuyankha kuti "ndi mphalabungu, kazingani" siyani nthabwala, simunazione.

Ine zinandionetsa zakuda ndili ku Joni. Tikati Joni anthu amangoganiza za Johannesburg, koma ine ganyu ndinakamupeza kutali, pa famu ina ya ng'ombe kupitirira Kuruman, cha ku Kalahari, kumchenga kokhakokha ndi mitengo ya minga ija Abunu amati kameeldoring. Chaka changa chachiwiri msipu unatheratu, koma zikwa zinachita kuyoyoka m'mitengo ngati mango a Disembala. Kapitawo wathu, munthu wa kwathu konkuno, sindimutchula poti abale ake ali m'gulu muno, anandipatsa matumba n'kunena kuti bwana akuti uzithyole zonse, zikupha ng'ombe. Magolovesi osandipatsa. Ine m'mutu mwanga chikwa ndi chija timachidziwa tonse, cha timitengo chimalendewera pa mpanda chija, ndiye ndinangoyamba kukolola ndi manja ngati nandolo.

Abale anga, chitedze n'chaulemu. Chikwa chimenechi n'cholimba kuposa khoko la mtedza, kukula kwake ngati chala chachikulu cha kumanja, ndipo kunja konse kuli timinga tating'onoting'ono takuda tosaoneka bwino. Ndi ubweya wa mbozi yake, imachita kuulowetsa m'chikwamo poluka kuti mbalame ndi zilombo zina zisayerekeze. Masana ndinkangomva kuthethetsa, ndikuti mwina ndi dzuwa. Pofika usiku zala zinatupa ngati chinangwa chophika, osatha kupinda, nsima ndinadya ndi sipuni ngati mzungu. Ndinapukuta thukuta ndi kuseri kwa dzanja, basi chikope nacho chinatupa, diso kutsekeka. Ndinaviika manja m'ndowa, ndinapaka mafuta ophikira, ndinapaka phulusa, mnzanga wa ku Mozambique anati ndikodzere, ndinakodzeradi, palibe chinathandiza. Ndinachezera kukanda pa chitsulo cha bedi mpaka magazi, ndikulira ngati mwana, ndikuitana mayi anga amene anali ku Malindi osadziwa kanthu. M'mawa kapitawo uja anangoseka, amvekere "amuna salira, bwerera kumitengo."

Matumba aja anandiuza yekha kuti ndiwaunjike kuseri kwa khola. Yekha! Ng'ombe zanjala zinang'amba awiri usiku. Patapita masabata, yaikazi ina yabwino inayamba kuonda, kusiya kubzikula, mimba ili tututu, kenako inagona osadzukanso. Dokotala wa ziweto atabwera anaing'amba ife tikuona. M'chifu anatulutsamo chimpira cha ulusi wopotana ndi udzu, cholimba ngati chingwe cha ngalawa chonyowa, mpeni kuchita kukana. Akuti ulusiwo sugayika, zikwa zikafewa m'mimba umamasuka n'kukulungana mpaka kutseka njira ya chakudya. Bwana atafunsa kuti anaika matumba apa ndani, kapitawo analoza ine osaphethira n'komwe. Anandidula malipiro miyezi itatu, ine wopanda mapepala ndikanakadandaula kuti? Chimene chimandiwawa mpaka lero, ndinadzamva kuti matumba otsalawo ankawakweza pa galimoto Loweruka n'kukawagulitsa kwa anthu opanga silika. Manja anga, ndalama zake. Pano akumanga nyumba ya malata a mtundu, tikakumana pa msika amandipatsa moni ngati palibe chinachitika.

Dokotala uja ndi amene anandiuza dzina, poona mmene manja anga analili. Akuti ndi Gonometa, agulugufe a usiku, ndipo alipo mitundu yambiri mu Africa muno kumwera kwa Sahara. Kumwera kwa Africa kumene ndinaliko yotchuka ndi iwiri. Wa pa mitengo ya minga, amene anandilasa ine, ndi Gonometa postica, wadzaza ku Namibia, Botswana ndi kumpoto kwa South Africa, mpaka ku Kenya aliko. Winayo ndi Gonometa rufobrunnea, wofiirira, ndipo chakudya chake ndi masamba a tsanya, n'chifukwa chake amapezeka kwambiri cha ku Francistown ndi madera a tsanya ozungulira. Ndiye mukati mwazipeza pa tsanya, ndipo zikuoneka mmene zikuonekeramo, ine mtima wanga wagunda pomwepo.

Gulugufe wake mukhoza kumuona osamuzindikira. Wamkazi ndi chinthu chonenepa, chabulauni, cholemera ndi mazira moti kuuluka kwake n'kwa ulesi. Wamwamuna ndi kanthu kakang'ono, mapiko owonda, kaliwiro, mungatsutse kuti ndi mtundu umodzi. Ngakhale zikwa zimasiyana, zazikuluzo ndi za aakazi. Onse awiri sadya chilichonse akatuluka, amangokwerana, kuikira mazira, masiku ochepa afa. Chilimwe chonse chilombocho chimakhala chili phee m'chikwamo kudikira mvula. Chaka china zimabwera zosawerengeka, chaka china osaona n'chimodzi chomwe.

Koma musasokoneze, si chikwa chilichonse. Chija chonyezimira ngati siliva, chokhala ndi timabowo, chimakonda pa mtengo wa mfula, ndi cha gulugufe wina wobiriwira wa michira italiitali, chimenecho ndachigwirapo ndi manja osamva kanthu. Cha timitengo chijanso ndi china.

Ndiye ine ndikuti zisiyeni, musaziyandikire, mbuzi ndi ng'ombe muzidyetsere kwina makamaka msipu ukauma. Amene walasidwa kale asakande ngati ine, amate selotepi pamalopo n'kumatula kangapo kuti timinga tituluke, asambe ndi sopo, likakhala diso athamangire kuchipatala tsiku lomwelo.

Komabe kunena zoona, ndikanakhala inu sindikanaziotcha. Ulusi wake ndi silika weniweni, wa mtundu wa golide wosachita kunyika. Ku Leonardville ku Namibia anthu anayamba kutola zikwa zomwe zinkapha ziwetozo, kuziwiritsa kuti zifewe, kupota ulusi ngati wa thonje n'kuluka masikafu. Ku Kenya a bungwe lofufuza za tizilombo la icipe anaphunzitsa alimi kuweta mbozizo pa mitengo ya minga ataziphimba ndi maneti. Atswana ndi Asan amaikamo timiyala kapena njere n'kumanga m'miyendo povina, zimalira bwino zedi, pa beni zikhoza kukhala. Mukafuna kutola, tolani zokhazo zili ndi bowo lalikulu kumapeto, ndiye kuti mwini wake anatuluka kale. Zolemera, zotseka, zisiyeni pa mtengo. Valani magolovesi achikopa, kapena thyolani ndi pulayala, jumbo yokha timingato timaboola. Thumba likakhale m'mwamba, m'nyumba yotseka, osati kuseri kwa khola ngakhale akuuzeni ndani.

Ndipo akabwera wina ndi nkhani yoti ali ndi msika wa zikwazi ku Joni, akuti mupereke kaye ya kalembera, mufunseni kuti aonetse manja ake. Ngati ali osalala, ameneyo ndi kapitawo wanga uja kapena mphwake. Jambulaninso chikwa chimodzi chapafupi, mbali ya kumapetoko, koma chigwireni ndi mtengo.