"Tikukusungirani": za mikuwa ya ku Benin

Mchemwali wina amene ali pasukulu ku London wandilembera. Wakaona ziboliboli za mkuwa za ku Benin ku British Museum, nyumba yosungiramo zinthu zakale, ndiye akufunsa: kodi si bwino zingokhala komweko, poti zikusamalidwa? Achemwali, mwandikanda pachilonda.

Bambo atamwalira ndinali ndi zaka 11. Tisanamete n'komwe, abale awo anabwera ndi lole. Anakweza mipando, njinga, mpaka makina osokera amene amayi ankatidyetsera. Ati, "Tikukusungirani, anawa akakula adzatenga." Patapita zaka ndinakacheza kumeneko, ndipo makina aja ndinawapeza pabalaza ali mbee, atawafunditsa kansalu koluka, pamwamba pali maluwa a pulasitiki. Ankasamalidwa ndithu, kuposa mmene tikanachitira m'nyumba yathu yodontha ija. Koma nthawi yonseyo amayi ankasoka pamanja, usiku, akuwunikira koloboyi. Maso awo anathera pamenepo. Mpaka lero munthu akati "tikukusungirani" mtima wanga umawira.

Za ku Benin zinayenda chimodzimodzi, kungoti kunali mfuti. Mu February 1897 asilikali a Britain pafupifupi 1,200 analowa mu Benin City, m'dziko limene lero ndi Nigeria, pobwezera imfa ya anzawo amene anaphedwa mu January. Mzinda unapsa. Mfumu, Oba Ovonramwen, anaithamangitsira ku Calabar komwe inafera mu 1914. Mikuwa ndi minyanga yosema zinakololedwa n'kugulitsidwa ku Ulaya. Mukadzapitanso, yang'anitsitsani zimbale zamkuwa zija, muona timabowo ta misomali. Zinkakhomedwa pamizati ya nyumba ya mfumu, ndipo zimasunga mbiri ya ufumuwo. Lero mdzukulu wa amisiri osula mkuwa a ku Igun Street, msewu wa mu Benin City, ayambe wapempha viza kuti aone ntchito ya makolo ake. Zimenezi ine sindizitcha kusamala ayi. N'kuba.

Anzathu a ku Zambia nawo akhala akupempha chigaza cha munthu wamakedzana cha ku Kabwe, chimene chinapezeka mumgodi mu 1921. Chidakali ku London.

Nanga zikabwerera n'kubedwanso?

Nkhawayi ndi yomveka, sindikukana. Koma mwini chinthu sayamba walemba mayeso kuti wakuba amubwezere. Germany inavomera mu 2022 kuti mikuwa ya ku Benin yoposa 1,000 imene inkasunga ndi ya Nigeria. Jesus College ya ku Cambridge inabweza tambala wamkuwa mu 2021, ndipo Horniman Museum, ku London konko, inapereka umwini wa zinthu 72. British Museum, imene ili ndi pafupifupi 900, imati lamulo la 1963 likuiletsa. Lamulolo analemba ndi aphungu, ndipo aphungu omwewo angalisinthe.

Inu chitani izi: tsegulani Digital Benin, tsamba la pa intaneti losonyeza zinthu za ku Benin zimene zili m'maiko osiyanasiyana, mufufuze chiboliboli chimene chinakukhudzani, muone manja amene chinadutsamo. Kenako lemberani phungu wa dera limene mukukhala za lamulo lija.

Makina aja sanabwerere. Amayi anamwalira asanawapondenso.