Kodi 2,147,483,647 ndi nambala ya mtundu wanji?

Mphunzitsi wina wa masamu wanditumizira imelo. Akuti mwana wa Fomu 3 adaona nambala ya 2,147,483,647 m'buku la makompyuta, ndiye akufunsa ngati ilidi prime, komanso kuti munthu angatsimikize bwanji.

Aphunzitsi, ilidi prime. Kutanthauza kuti palibe nambala yoigawa popanda chotsala kupatula 1 ndi iyo yomwe. Koma ine chimandikoka mtima ndi kabadwidwe kake. Lembani 2 pabolodi ka 31, muwachulukitse onsewo, muchotsepo 1, mwaipeza. Ma prime obadwa chotere amatchedwa ndi dzina la Marin Mersenne, wansembe wa ku France wa zaka za m'ma 1600, ndipo yathuyi ndi yachisanu ndi chitatu pamzere wawo, pambuyo pa 3, 7, 31, 127, 8,191, 131,071 ndi 524,287. Mwaona kuti 31 uja alinso pamzere womwewu? Ndiye kuti Mersenne wabala Mersenne mnzake, ndipo ma prime otere odziwika alipo anayi okha.

Chonde musawauze ana kuti njirayi imabala prime nthawi zonse. Mukachulukitsa 2 ka 11 n'kuchotsa 1 mumapeza 2,047, yomwe ndi 23 kuchulukitsa ndi 89. Apa pokha musafulumire, anawo ayang'anitsitse. 23 ndi 22 kuwonjezera 1. 89 ndi ma 22 anayi kuwonjezera 1. Sizinangochitika mwangozi ayi, ndi lamulo: 22 uja ndi 11 kuchulukitsa ndi 2, ndipo ngati chiwerengero cha ma 2 ochulukitsidwawo chili prime yoposa 2, monga 11 kapena 31, prime aliyense wogawa nambala ya mtunduwu amakhala wotero. Kwa yathuyi, wogawayo ayenera kukhala ma 62 (31 kuchulukitsa ndi 2) angapo kuwonjezera 1. Komanso palibe chifukwa chofufuzira kupitirira 46,340, poti 46,341 mukaichulukitsa ndi iyo yomwe yadutsa kale nambala yathu. Ntchito yooneka ngati phiri ija yasanduka chulu. Ndi nzeru zotere zimene Leonhard Euler adatsimikizira nambalayi mu 1772 ali ku St Petersburg, kompyuta kulibe, maso ake atachita kale khungu. Ndikaganiza zimenezo ndimachita naye ulemu kwambiri.

M'buku la makompyuta ikupezekamo chifukwa mapulogalamu ambiri amasunga nambala m'timalo 32 tolembamo 0 kapena 1, kamodzi n'kosonyeza ngati nambalayo ili pamwamba kapena pansi pa ziro, totsalato 31. Tikadzaza tonse 31 ndi ma 1, malire ake ndi 2,147,483,647. N'chifukwa chake makina akale owerenga masekondi kuyambira pa 1 Januwale 1970 adzasokonekera pa 19 Januwale 2038, masekondiwo akadzapitirira malirewo.

Lero nambala yathuyi ndi kamwana: prime yemwe adapezeka mu Okutobala 2024, wa Mersenne yemwenso, ali ndi madijiti 41,024,320.

Mawa m'kalasi yambani ndi 63, 125, 187, 249 (ma 62 aja kuwonjezera 1), anawo aone okha kuti onsewa si ma prime. Woyamba woyenera kumuyesa ndi 311. Agawe pamanja m'makope mwawo, ndipo amene walondola apeza chotsala 35.