Mwafunsa za geni ya njinga zakale

Achimwene, mwafunsa zinthu ziwiri pakamodzi. Mukufuna kudziwa m'mene geni ya njinga zakale yodutsa nayo malire imayendera, komanso mukufuna ndikuuzeni njinga yotchipa imene mungagule yoti muzipitira ku ntchito m'tauni. Kwa ine funsoli ndi limodzi. Diso limene ndimasankhira njinga makumi atatu pa mulu ndi lomwelo mungasankhire yanu imodziyo, ndipo pa geniyi munthu amaphula kapena kugwa pa kusankhapo. Za mapepala ndi za pa boda zimabwera pambuyo.

Njinga zambiri zimene timaoda zimachokera ku Japan. Kumeneko anthu amapalasa popita ku siteshoni ya sitima, pokagula zinthu, pokasiya ana ku sukulu. Njinga ikasiyidwa pamalo osaloledwa akuluakulu a mzinda amainyamula, ndipo mwini wake akapanda kukaiombola imatha kugulitsidwa kwa amalonda otumiza katundu kunja. Zina eni ake amangozisiya akagula zatsopano. Mukaona kapepala komata ka manambala pa felemu musadabwe, ndi ka kaundula woteteza kuba amene anakhala lamulo kumeneko mu 1994. Mtundu wochuluka eni ake amautcha mamachari: felemu yotsika, basiketi kutsogolo, madigadi, chotchinga tcheni, loko pa tayala lakumbuyo ndi nyali yoyaka ndi dainamo. Mayina amene mudzaone kawirikawiri ndi Bridgestone, Miyata, Panasonic ndi Maruishi. Mwa apo ndi apo mumatulukanso za ku Ulaya monga Raleigh ya ku Nottingham kapena Peugeot ya ku France.

Popakira amamasula mapedulo, n'kutembenuza mahandulo, n'kuzithithikiza mu kontena ya mafiti 40 mpaka mazana angapo. Ife a mpamba wochepa sitigula kontena. Timapita kwa amene watsitsa, nthawi zambiri m'dziko limene lili ndi doko, ndipo iye akatsegula amazigawa m'magulu: zoti mungopopa n'kukwera, zofuna kukonza pang'ono, ndi zongochotsako zida. Mutha kusankha nokha imodziimodzi pamtengo wokwererapo, kapena kugula mulu wosakaniza pamtengo wotsika. Mulu umakopa kwambiri munthu woyamba kumene. Ine unandikopa. Wogulitsa anaika zonyezimira pamwamba, ine n'kulipira osagwetsa muluwo, ndipo nditafika kwathu ndinapeza kuti zingapo zinali ndi foloko yopindika ndipo ziwiri felemu inali yothyoka pansi pa penti yatsopano. Chikomekome cha mkuyu. Kuyambira pamenepo ndimafika tsiku lotsegula kontena ndipo njinga iliyonse ndimaigwira ndi manja anga.

Ndimayamba ndi felemu, chifukwa china chilichonse pa njinga chimasinthika koma felemu ikatha njinga yatha. Ndimayendetsa chala pansi pa mapaipi awiri aja amene amakumana kumutu kwa njinga, kumbuyo kwenikweni kwa foloko. Njinga imene inagunda khoma kapena galimoto imachita kachotupa pamenepo, penti n'kuchita makwinya kapena kusweka mozungulira paipi. Maso amaphonya koma chala sichiphonya. Kenako ndimaima chapambali n'kuyang'ana foloko. Chigawo chake cham'mwamba chiyenera kutsata mzere wa mutu wa felemu. Chikabwerera kumbuyo, tayala n'kuyandikira felemu, imeneyo ndimaisiya ngakhale wogulitsa atsitse bwanji. Ngati ndikukayikabe ndimamanga chingwe pa mano ogwira habu (chitsulo cha pakati pa gudumu) yakumbuyo mbali imodzi, n'kuchizunguliza kumutu kwa njinga mpaka mbali inayo. Mpata wa pakati pa chingwe ndi paipi ya chishalo uyenera kufanana mbali zonse ziwiri. Ukasiyana, felemu inapotoka, ndipo njinga yotere imayenda ngati nkhanu.

Dzimbiri lapamwamba lisakuopseni, limachoka ndi kupala. Loopsa ndi lotupitsa penti kunsi kwa felemu, pamene pamazungulira mapedulo ndi pa timapaipi topita ku tayala lakumbuyo, chifukwa madzi amakhazikika pamenepo n'kumadya chitsulo kuchokera m'kati. Gogodani ndi sipanala. Chitsulo chabwino chimalira, chodyeka chimangoti phu. Mukatembenuza njinga muonanso nambala ya felemu. Ikakhala yopalidwa, bwezani njingayo pomwepo osafunsa zambiri.

Chinthu china chimene anthu amaiwala ndi kumasula mtengo wa chishalo ndi wa mahandulo, timapaipi tija tolowa m'felemu. Mtengo wa aluminiyamu ukakhala zaka m'felemu yachitsulo wopanda girisi umamatirira ngati wowotcherera. Ndinathapo masiku awiri ndikulimbana ndi umodzi, kuthira oyilo, kupotokola, kumenya, mapeto ake ndinaucheka ndi sowo. Kwa inu wogula imodzi, chishalo chosasuntha ndiye kuti njingayo simungailinganize ndi msinkhu wanu, ndipo maondo adzakuuzani pasanathe sabata.

Tsopano matayala, pamene ambiri amagwa. Nambala ya mainchi yolembedwa pa tayala imanamiza. Pali "26" ya njinga za m'mapiri ndi "26 x 1 3/8" ya njinga zambiri za ku Japan ndi za ku England zakale, ndipo matayala awiriwa salowerana ngakhale mukoke chotani. Yang'anani nambala ina ija ya mamilimita, monga 37-590. Yoyamba ndi kunenepa kwa tayala, yachiwiri ndi kukula kwa limu. Ya m'mapiri ndi 559, ya 26 x 1 3/8 ndi 590, ya 700C ndi 622, ya 27 ndi 630, ndipo njinga zazikulu zakuda zija za mabuleki a ndodo, monga Phoenix, Flying Pigeon ndi Hero, za 28 x 1 1/2, ndi 635. Taonani kuti "27" ndi yaikulu kuposa 700C imene ena amaitcha 28. Musanagule, funsani kaye amene amagulitsa zida kumene mukukhala kuti ndi matayala ati amene amapezeka nthawi zonse. Ine sindioda njinga imene tayala lake kasitomala wanga azikalisaka miyezi iwiri, chifukwa tsiku limene lidzaphulike adzabwera kwa ine, osati kwa amene anaipanga.

Zungulitsani gudumu lililonse mukuyang'ana pa labala wa buleki. Kugwedera pang'ono amakonza ndi kukunga masipoko. Limu imene inaphwanyika pa dzenje, yodumpha m'mwamba ndi pansi, siibwerera. Finyani masipoko awiriawiri. A dzimbiri amaduka akangoona katundu. Ndimayendanso ndi kamaginito m'thumba. Kakamata pa limu ndiye kuti ndi yachitsulo. Malimu achitsulo onyezimira aja ndi olimba, koma mvula ikagwa buleki imayamba yatsetsereka kaye isanagwire, ndipo m'tauni mmene galimoto imaima mwadzidzidzi patsogolo panu, mtunda umenewo ndi wautali. Kwa munthu wopita ku ntchito tsiku ndi tsiku ndimalimbikitsa za aluminiyamu, makamaka kutsogolo.

Za magiya ndili ndi maganizo anga, ena amatsutsa. Njinga ya m'tauni siifuna magiya 21. Kumene kuli kosalala imodzi ikwanira. Kumene kuli zitunda ndimakonda ya magiya atatu obisika m'habu, kaya ya Shimano kaya ya Sturmey-Archer. Ya Sturmey-Archer yotchedwa AW inayamba kupangidwa mu 1936, ndipo zakale zimakhala ndi chaka ndi mwezi wopangidwa zodindidwa pa habupo, ndiye mutha kudziwa zaka za njinga osadalira pakamwa pa wogulitsa. Pa AW imeneyi giya yapakati ndi yachindunji, yoyamba imapeputsa ndi gawo limodzi mwa anayi, yachitatu imawonjezera gawo limodzi mwa atatu. Imangofuna madontho a oyilo pa kabowo kake. Chilema chake n'chakuti waya wake ukapanda kukungidwa bwino mapedulo amazungulira pachabe pakati pa giya yachiwiri ndi yachitatu, ndipo ukaimirira pokwera chitunda umadzimenya pa felemu. Kumeneko n'kulinganiza waya basi, si habu yakufa. Ogulitsa ena sadziwa zimenezi ndipo amaiponya ku gulu la zowonongeka. Ine ndimatola mwakachetechete. Magiya apanja aja ndi abwino, koma ndi amene amayamba kupindika mu kontena ndi pa lole.

Tcheni sichikhala chifukwa chokanira njinga, ndi chonenerera mtengo. Kuchoka pa pini ina kufika pa ina ndi theka la inchi, ndiye mukaika rula pakati pa pini imodzi, pa inchi ya 12 payenera kugwera pini ina ndendende. Ikapitirira ndi 1/8 ya inchi tcheni chatha, ndipo mwina chadyanso mano a sipuloketi. Njinga zina za ku Japan zimayendera lamba m'malo mwa tcheni. Zimayenda mwakachetechete, koma dzifunseni kuti lambayo akadzaduka mudzamupeza kuti. Buleki yakumbuyo ya njinga zambiri za kumeneko imakhala pa habu, ndipo yotchipa ija ya lamba ikakalamba imalira mochititsa manyazi. Musathiremo oyilo kuti ikhale chete, isiya kugwira.

Mayina akuluakulu a ku Ulaya ali ndi msampha wake. Felemu yokhala ndi chizindikiro cha Reynolds 531, chitsulo chimene chinayamba mu 1935, ndi yopepuka ndi yokoma kupalasa, ndipo odziwa amailipira bwino. Koma njinga zakale za ku France zili ndi mazinga akeake: pamene pamazungulira mapedulo ndi mamilimita 35, kunenepa kwa mtengo wa mahandulo ndi mamilimita 22.0 pamene zina zambiri ndi 22.2. Raleigh zakale za ku Nottingham zili ndi mazinga 26 pa inchi pamene ena ali ndi 24. Kusiyanaku n'kochepa m'maso, koma chida chatsopano sichilowa, ndipo mmisiri wosadziwa akakakamiza amapha felemu. Zoterezi ndimaodera anthu amene andituma, okonda zakale. Kwa munthu amene akungofuna kufika ku ntchito pa nthawi yake sindimupatsa.

Za pa boda tsopano. Tengani invoyisi yeniyeni yolemba chiwerengero cha njinga ndi mtengo wake. Pa ndondomeko ya manambala a katundu imene a kasitomu amagwiritsa ntchito padziko lonse, njinga yakapalasa yathunthu ndi 8712 ndipo zida zake ndi 8714, ndiye musasakanize pa pepala limodzi ngati chinthu chimodzi. M'mayiko ambiri msonkho amawerengera pa mtengo wa katundu kuphatikiza wonyamulira, ndipo akakayikira kuti mwachepetsa amaika mtengo wawo. Anthu ambiri amaganiza kuti poti agula m'dziko loyandikana nalo ndiye alowa pa mgwirizano wochepetsa msonkho monga wa COMESA. Ayi. Mgwirizano umayang'ana kumene katundu anapangidwa. Njinga ya ku Japan ndi ya ku Japan ngakhale mwaigula kutsidya kwa mtsinje. Malamulo ndi misonkho zimasintha, choncho funsani ku ofesi ya msonkho musananyamuke. Mukagwiritsa ntchito ejenti, akupatseni lisiti ya boma m'manja. Amene amakuuzani za njira yachidule usiku ndi amene amasowa pamene lole yagwidwa.

Powerengera phindu muphatikize zonse: kuoda, kusintha ndalama, thiransipoti, msonkho, ejenti, malo ogona, opakira ndi otsitsa, machubu, mawaya a mabuleki, girisi ndi mmisiri. Mukatero mugawe ndi njinga zimene zigulitsike, osati zimene mwagula. Pa lole ikani makatoni pakati pa njinga ndi njinga ndipo muone nokha akumanga, chifukwa chingwe chokoka kwambiri chimapinda gudumu limene linachoka ku Japan lili bwinobwino. Mapedulo muwaike m'thumba limodzi, ndipo pobwezeretsa kumbukirani kuti lakumanzere limamangidwa mobwerera. Anyamata ambiri andiphera mazinga pamenepa. Zofa musataye. Njinga imodzi yothyoka felemu imadzutsa zitatu.

Inuyo mukamapita kukagula yanu, tengani sipanala, kamaginito, chingwe ndi rula. Imani njingayo ili pakati pa miyendo, patsale mpata wa zala zingapo. Mukakhala pa chishalo, chidendene chili pa pedulo lapansi, mwendo uwongoke, ndipo mtengo wa chishalo usatuluke kupitirira mzere wodindidwa. Gwirani buleki yakutsogolo n'kukankha njinga uku ndi uku. Mukamva kugogoda kumutu, pamafunika kumanga kapena kusintha timipira tam'kati. Kenako ikwereni. Sinthani magiya onse, imani mwadzidzidzi, ndipo pamalo opanda galimoto peputsani manja pa mahandulo muone ngati ikukokera mbali imodzi.

Mukanati ndikusankhireni, ndikanakutengerani yachitsulo ya ku Japan, ya magiya atatu a m'habu, malimu a aluminiyamu, madigadi ndi kaliyala zili pomwepo, penti yake yoyambirira ngakhale yokalika. Yosaoneka bwino akuba saithamangira. Pa ndalama imene mwakonza musawononge yonse pa njinga. Siyani ina ya matayala awiri, machubu, malabala a mabuleki ndi loko yolimba, chifukwa kaloko kaja ka pa tayala lakumbuyo sikaletsa munthu kuinyamula paphewa. Mukaipeza imene yakusangalatsani, nditumizireni zithunzi zitatu: kumutu kwa felemu, kunsi kwake, ndi nambala ya pa tayala.