Kodi mboni zinapita kuti?

Mdzukulu wanga, uthenga wako ndaumva. Ukuti injini ya boti la abambo ako aang'ono inabedwa usiku padooko, munthu anagwidwa, koma patangotha masiku awiri munamuona akudya kanyenya pa Boma. Ndiye iwe ndi anzako mwapangana kuti wina akadzagwidwanso mudzathane naye nokha, ndipo ukufunsa ngati nkulakwa. Nkulakwa, iwenso ukudziwa. Funso limene ndimayembekeza kwa iwe ndi lina: mwa onse amene anaona, ndani wavomera kukaima pamaso pa majisitireti?

Mtima pansi. Kutuluka kwa munthuyo si kutha kwa nkhani. Malamulo aakulu a dziko lino, a 1994 aja, amati womangidwa aonekere kukhoti pasanathe maola 48. Belo ndi lonjezo chabe loti adzabwera tsiku la mlandu, ndipo ya kupolisi salipira ngakhale tambala. Mlandu suola. Umafa mboni zikapanda kubwera: khoti liimitsa kamodzi, kawiri, mapeto ake woganiziridwa uja amasulidwa, inu nkumati apolisi adya ndalama. Alipo odya, sindikukana. Koma wapolisi sanali padooko usiku umenewo. Munali inu.

Ndili mnyamata, kwathu m'mbali mwa nyanja ya Malombe kunasowa ukonde watsopano. Amfumu anaitanitsa bwalo pansi pa mkuyu, amuna uku, akazi uko, nduna pakati. Dzuwa linafika pamutu aliyense akungoyang'ana pansi. Kenaka mayi wina wachikulire anakhosomola, anakonza chitenje chake, nawomba m'manja katatu. Anati polawirira kukatunga madzi anaona mnyamata akukwirira chinthu m'mabango, ndipo anamutchula dzina. Anali mwana wa mchimwene wake weniweni, amene ankamupatsa usipa tsiku lililonse. Ndimakumbukirabe mmene mawu ake ankanjenjemerera, koma sanabweze liwu ngakhale limodzi. Mnyamatayo anapatsidwa mpata wolankhula, anavomera, malume ake anapereka mbuzi, ukonde unabwerera kwa mwini wake. Madzulo mayi yemweyo ndiye anamuphikira nsima. Palibe anamutcha kazitape. Amene ankachita manyazi ndi uja waona koma nkukhala chete, chifukwa kubisa wakuba kunali kuba naye limodzi.

Si zonse zakale zinali zabwino. Makhoti amakolo a nthawi ya Kamuzu anagamula mu 1983 kuti Orton Chirwa ndi mkazi wake Vera aphedwe, popanda loya wowaimira. Zimenezo zisabwerenso. Chimene ndikulira ine ndi mtima wa mayi uja.

Lero kukachitika kanthu, manja onse ali m'mwamba ndi mafoni. Kanema afika ku Johannesburg tisanadye nsima yamasana, koma wofufuza mlandu akabwera ndi kope lake, mudzi wonse unali mtulo. Mumalimba mtima pagulu, mwala uli m'manja, pamene palibe angakufunseni dzina. Kuima wekha nkunena kuti "ndine uje, ndinaona chakuti," kumeneko miyendo imakulemerani. Sindikukudzudzula iwe wekha, mwanawe, ifenso akulu tinaleka kukutengani kubwalo kuti muzionera.

Chitetezo cha m'midzi chimene apolisi anayambitsa mu 1997 chinatsamira pa mwambo womwewu. Ntchito ya anyamata olondera ndi kugwira, kusunga munthu wamoyo ndi kumupereka, osati kugamula. Mlandu wa injini ndi waukulu, si wa mbuzi ya kubwalo, koma amfumu ndi komiti ya padooko akhoza kusonkhanitsa amene anaona kuti asapite mmodzimmodzi ndi mantha.

Mawa upite ndi abambo ako aang'ono kupolisi, mukafunse dzina la amene akufufuza ndi tsiku la mlandu, mulembe papepala. Ukabwerako undiuze mboni zilipo zingati. Ya kabaza yopitira kukhoti ndidzapereka ine, ndagulitsa nkhuku ziwiri.