Mawondo akamaombana pagulu: yankho kwa achimwene a ku Chibavi

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa bambo wina wokhala ku Chibavi. Kwawo ndi ku Dedza, koma ntchito inawabweretsa kuno ku Mzuzu. Mlongo wawo akukwatiwa ndi mnyamata wa ku Rumphi mwezi wamawa, ndipo poti bambo awo anatisiya, amalume nawo akudwala, abale asankha iwowa kuti akalankhule m'malo mwa banja kumadyerero. Alemba motere: "Ndikangoimirira pagulu mawondo amaombana, kukhosi kumauma, mawu onse amathawa. Komanso ambiri kumeneko adzakhala olankhula Chitumbuka. Kodi ndikane?"

Achimwene, musakane. Mlongo wanu akufuna kudzamva mawu a kwawo tsiku limenelo, ndipo mawuwo ali mwa inu.

Tiyambe ndi zomwe zimachitika m'thupimo, chifukwa ambiri amaganiza kuti ndi matenda kapena kuti wina wawachita chipongwe. Ubongo ukaona maso ambirimbiri akuyang'ana pa inu, umatenga ngati mwakumana ndi njoka panjira. Pamwamba pa impso pali tiziwalo tiwiri timene timathira timadzi totchedwa adrenaline m'magazi. Mtima umayamba kuthamanga kuti magazi afike msanga m'miyendo ndi m'mikono, thupi likonzekere kuthawa kapena kulimbana. Ntchito yogaya chakudya imayamba yaima kaye, n'chifukwa chake malovu amauma ndipo m'mimba mumabwadamuka. Manja amanjenjemera chifukwa minofu yadzaza mphamvu yosowa kopita. Abusa, aphunzitsi, ngakhale aphungu amene mumawaona akulankhula mosadodoma, thupi lawo limachitanso zomwezi. Anangolizolowera.

Chimene ndikufuna mugwiritsitse n'chakuti chinthenthe chimakula kwambiri mukamadikira kuitanidwa ndi pamene mwangoyamba kumene. Mukapyola mphindi yoyamba chimayamba kuzirala chokha. Ine ndinazindikira zimenezi pa maliro a azakhali anga ku Luwinga, nditauzidwa m'mawa womwewo kuti ndinene mbiri yawo. Ziganizo zoyamba zinatuluka monjenjemera moti ndinaganiza zokhala pansi. Koma nditafika ponena m'mene ankatiphikira futali tikapita kutchuthi, ndinangoona kuti ndikulankhula bwinobwino, amayi akugwedeza mitu. Mantha anali atachoka osanditsanzika.

Ndiye mphamvu zanu zonse muziike pa mphindi yoyambayo. Mwayi wake, mwambo wathu unatikonzera kale poyambira: kupereka ulemu. Abusa, mafumu ngati alipo, ankhoswe a mbali zonse, makolo a mkwati, akwati athu, ndi onse obwera. Mndandanda umenewu muuloweze pamtima mpaka muzitha kuunena muli m'tulo. Pamene pakamwa pakutchula zomwe pazolowera, mtima ukhala ukutsika. Zotsalazo musaloweze liwu ndi liwu, chifukwa mukaiwala liwu limodzi zonse zimagwa. Lembani mitu yokha pa kakhadi kolimba: kuthokoza, kankhani kamodzi ka mlongo wanu, mawu opereka mlongo wanuyo m'manja mwa banja linalo. Pepala lalikulu limanjenjemera pamodzi ndi dzanja, anthu onse n'kumaona.

Za Chitumbukazi zisakusowetseni tulo. Kuno ku Mzuzu timasakaniza zinenero tsiku lililonse, mumsika, m'minibasi, kutchalitchi, ndipo Chichewa anthu amachimva. Yambani ndi "Monire mose", mudikire akuyankheni, kenako pitirizani m'chinenero chanu. Akuchimuna adzaona kuti mwawalemekeza, ndipo kuyankha kwawoko kudzakupatsani mpata wopuma. Koma musayese kunena zonse m'Chitumbuka choloweza usiku umodzi. Kumeneko n'kusenza katundu wachiwiri pamwamba pa woyamba.

Kuyeserera kukhale kotulutsa mawu, mutaimirira, osati kwa mumtima. Chitani pamaso pa akazi anu kapena anzanu awiri, kangapo pa sabata. Ngati n'kotheka pitani kuholoko dzulo lake pamene akukongoletsa, muime pomwe mudzaime, mugwire maikolofoni mumve m'mene mawu anu akumvekera pa chimkuzamawu. Anthu ambiri amadzidzimuka ndi mawu awo omwe.

Tsikulo mudye pang'ono, musapite ndi njala. Khofi wathu wa Mzuzu timamunyadira, koma m'mawa umenewo musiyeni, amawonjezera kuthamanga kwa mtima ndi kunjenjemera. Ndipo ndikupempheni ndi mtima wonse: anzanu akakuuzani kuti kabotolo kamodzi kachotsa manyazi, akaneni. Ndaona anthu aulemu wawo akunena pa ukwati zomwe banja linakhala likupepesa chaka chathunthu. Pamene mukudikira kuitanidwa, kokerani mpweya ndi mphuno mukuwerenga mpaka 4, muutulutse pang'onopang'ono mpaka 6 kapena 8. Kutulutsa mpweya motalikitsako n'kumene kumauza mtima kuti ubweze moto. Kabotolo ka madzi kakhale pafupi.

Mukaimirira, musayang'ane holo yonse. Sankhani nkhope imodzi yokukondani, mwina amayi anu, mulankhule nawo, kenako mupeze ina mbali ya kuchimuna. Mawu akathawa, khalani chete, yang'anani kakhadi kaja. Chete amene kwa inu akuoneka wautali, kwa omvera ndi kamphindi chabe, ndipo pa ukwati amangoti mlongo wake wagwidwa ndi chimwemwe.

Pali mantha ena amene ndi osiyana ndi amenewa. Ngati mumalephera ngakhale kufunsa mtengo mumsika, kapena munasiyapo ntchito chifukwa choopa anthu, kakumaneni ndi alangizi a za maganizo. Ku chipatala cha St John of God konkuno amathandiza pa zoterezi, ndipo palibe chochititsa manyazi. Koma malinga ndi zomwe mwalemba, anuwa ndi mantha a tonsefe.

Mphindi 3 n'zokwanira, anthu adzakhala akudikira pelekanipelekani. Mawu omaliza muwanene mukuyang'ana mlongo wanu, mumutchule dzina lomwe munkamuitana muli ana. Mukatero nenani "Yewo chomene, zikomo kwambiri", mubweze maikolofoni kwa otsogolera mwambo, mukakhale pafupi ndi amayi.