Akufuna kupita ku MAFCO, akuti asiye kadzutsa. Ine ndakana

Mnyamata wina wa ku Lilongwe wandilembera imelo. Ali ndi zaka 23, MSCE ali nayo m'manja, ndi wamtali mamita 1.72, ndipo sikelo ikumupatsa makilogalamu 88. Akufuna kuti a Malawi Defence Force akadzalengeza zolemba asilikali atsopano, adzapezeke ali wokonzeka kupita ku MAFCO, sukulu yophunzitsira asilikali. Funso lake ndi lalifupi: asiye kudya kadzutsa n'kumathamanga makilomita 10 m'mawa uliwonse m'mimba mulibe kanthu, kuti thupi litsike msanga?

Achimwene, ayi. Ndikanatha kulekera pomwepa, koma imelo yanuyi yandikhudza pamalo pena, chifukwa njira mukufuna kuyendayi ndinaiona ndi maso anga m'nyumba mwathu momwe.

Mng'ono wanga atalemba mayeso a Fomu 4 anakhala nthawi akugulitsa mu okala ya alamu athu ku Bangwe. Ntchito ya mu okala mukuidziwa: kukhala pa kampando kuyambira m'mawa mpaka mdima, mandasi ali pambali mu ndowa, Fanta ali m'firiji, ndipo madzulo potseka amadzera pachiwaya kukagula tchipisi chothira mafuta aja amatunga ndi chipande. Mwana amene ankasewera mpira kusukulu anayamba kutsogoza mimba. Kunyumba palibe anadandaula. Mayi ankangoti mwana wanga zikumuyendera, azakhali akabwera ankamusisita patsaya n'kumati tsopano waoneka ngati munthu.

Musawaseke amayi athuwa. Amene anaona zaka za m'ma 1990 akudziwa zimene kuwonda kunkatanthauza m'mudzi. Munthu akangotsika thupi pang'ono, anthu ankayamba kunong'onezana kumjigo ndi kumaliro. Ma ARV anayamba kuperekedwa ulere m'zipatala za boma mu 2004, zinthu zinasintha, koma mantha aja sanachoke m'mitima ya makolo ambiri. Mpaka lero ukauza agogo kuti ukufuna kuchepetsa thupi amakuyang'ana ngati walodzedwa. Ndiye inu achimwene konzekani, nkhondo yanu yoyamba idzakhala pa mphasa yodyera, pamene mayi akukuwonjezerani mtanda wachitatu.

Tibwerere kwa mng'ono wanga. Atamva kuti anzake akukonzekera usilikali, mtima unamuyaka. Anasiya kadzutsa tsiku lomwelo. Ankadzuka tambala asanalire kachiwiri, kuvala jumbo lalikulu lakuda mkati, pamwamba juzi, pamwamba pake jekete, n'kuyamba kutsetsereka pa tala kulowera ku Limbe, kubwerera ndi chitunda chija. Kuphazi anali ndi nsapato za pa kaunjika zopyapyala kunsi, zija zoyenda nazo m'tauni. Akafika kunyumba ankafinya thukuta m'malaya n'kumationetsa monyadira, ati mafuta akutuluka. Sabata yoyamba sikelo ya pamsika, ija umalipira kandalama n'kukwerapo, inatsikadi kwambiri. Anasangalala. Koma amene anatuluka anali madzi, ndipo akamwa madzulo ankabwerera momwemo. Masana njala ikamukola ankadya nsima ya anthu awiri, chifukwa thupi limene lathamanga lopanda kanthu silimva zokambirana.

Kenako misongolo inayamba kuwawa. Poyamba inkawawa akangoyamba kuthamanga n'kuleka thupi likatentha. Anzake anamuuza kuti msilikali salira, apirire. Anapirira. Patapita masabata angapo ululu unasonkhana malo amodzi, poti ukadina ndi chala ankalumpha, ndipo usiku sankagona. Kuchipatala anamuuza kuti fupa layamba kuchita mng'alu chifukwa cholipanikiza, asiye kuthamanga kwa nthawi yaitali. Tsiku limene anzake ankapita kukayesedwa, iye anali pakhonde mwendo uli pa mpando. Zaka zinapita, malire a msinkhu anamudutsa. Pano amayendetsa galimoto ya katundu, moyo ukuyenda, koma akaona asilikali akuguba pa TV amasintha tchanelo.

Ndiye ndikamva mnyamata akunena za makilomita 10 tsiku lililonse ali ndi makilogalamu 88, ndimaona mwendo uja pa mpando.

Chimene ambiri sadziwa n'chakuti ziwalo za thupi sizizolowera pa liwiro limodzi. Mtima ndi mapapo zimazolowera msanga, pakatha masabata ochepa umaona kuti wefuwefu wachepa. Mafupa ndi mitsempha yolumikiza minofu zimatenga miyezi. Ndiye pamakhala nyengo yoopsa imene mpweya ukukulola kupita kutali koma fupa lisanakonzeke, ndipo nthawi iliyonse phazi likamenya pansi pothamanga, mwendo umalandira mphamvu yoposa kulemera kwako kawiri kapena katatu. Werengani nokha ndi 88 wanuyo.

Ndipo ndinene mosapsatira: asilikali safuna anthu owonda. Amafuna munthu woti asenze chikwama ndi mfuti, ayende mtunda wautali atavala jombo, agone pang'ono, mawa adzuke achitenso zomwezo. MAFCO ili ku Salima, kunyanja, kumene mu Okutobala ndi Novembala dzuwa limawotcha kuposa madigiri 30. Inu mwazolowera kamphepo ka Lilongwe, kumtunda. Mukafika kumeneko mutadzifoola ndi njala, magazi ali ochepa, minofu itadyeka, mudzagwa pa gulu ngakhale mimba itaphwa. Munthu amene akusala kudya n'kumathamanga kwambiri amataya mafuta ndi minofu pamodzi, ndipo minofuyo ndi imene mukukaigulitsa kumeneko.

Tiyeni tiwerengeko masamu pang'ono, chifukwa apa ndi pamene anthu amanamizana. Kilogalamu imodzi ya mafuta a m'thupi imasunga ma calorie (muyezo wa mphamvu zimene thupi limapeza m'chakudya) pafupifupi 7,700. Pothamanga munthu amawotcha pafupifupi calorie imodzi pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake pa kilomita iliyonse. Inu ndiye kuti makilomita 5 akuchotserani ma calorie 440 kapena cha pomwepo. Kuti muwotche kilogalamu imodzi ndi miyendo yokha mufunika makilomita oyandikira 90, kungotsala pang'ono kufika ku Salima komweko wapansi. Koma mandasi awiri akuluakulu ndi botolo la Fanta zingathe kubweza makilomita 5 aja musanamalize kucheza ndi wogulitsa. Choncho thupi limatsikira m'mbale ndi m'kapu, kuthamanga ntchito yake ndi kukulimbitsani.

M'kapu makamaka. Ife Amalawi tiyi timamwa wa shuga, tinene zoona, masamba a Chombe amangokhala okometsera mtundu. Supuni yaing'ono imodzi yosadzaza mosefukira ndi magalamu 4 a shuga, ma calorie 16. Ambiri timathira zinayi zosefukira, makapu atatu patsiku. Botolo la Coca-Cola la mamililita 300 lili ndi shuga woposa magalamu 30, pafupifupi masupuni 8. Bungwe la WHO linanena mu 2015 kuti ndi bwino shuga wothira asapitirire magawo 10 pa 100 a mphamvu zimene timadya patsiku, ndipo zingakhale bwino koposa atatsika kufika pa magalamu 25, masupuni 6 basi. Kapu yachiwiri isanathe ambirife tadutsa kale.

Ineyo mimba inandipeza nditayamba ntchito ya pa desiki. Sindine wothamanga wa dzina, Porters Race ya ku Mulanje ndimaionera patali n'kumawapatsa ulemu anyamata ndi atsikana amakwera phiri aja. Chimene chinandithandiza ine chinali chotopetsa kuchifotokoza: ndinachepetsa shuga pang'onopang'ono mpaka supuni imodzi, Sobo ndinamusiyira ana, nsima ya madzulo ndinatsitsa kuchoka mitanda itatu kufika iwiri, ndiwo zamasamba ndinachulukitsa. Lamba anayamba kubwerera bowo limodzi limodzi. Akuntchito anayamba kundifunsa ngati kunyumba kuli mtendere. Mayi wina wa mu ofesi mpaka anandiitanira pambali n'kundiuza kuti amandipempherera.

Apa ndiyenera kukalipa pang'ono za anthu ogulitsa tiyi wochepetsa thupi pa Facebook ndi pa WhatsApp. Mlongo wanga anagulapo paketi kwa mayi wina, mtengo wake wokwana thumba la ufa. Zimene zinachitika n'zakuti anakhala kuchimbudzi masiku awiri. Ambiri mwa matiyi amenewa ndi mankhwala otsegula m'mimba kapena okodzetsa, amachotsa madzi ndi mchere wofunika m'thupi, mafuta osakhudzidwa n'komwe. Munthu amene wamwa zimenezi n'kupita kukathamanga padzuwa akuika mtima ndi impso zake pachiswe. Chimodzimodzi malamba omanga pamimba aja, ndi majumbo ovala mkati. Thukuta ntchito yake ndi kuziziritsa thupi, ukalitsekera m'pulasitiki thupi limatentha mopyola, ndipo anthu amafa nazo zimenezi. Amene akukuuzani kuti thukuta ndi mafuta osungunuka musamumvere, ngakhale atakhala kuti anapitako ku usilikali.

Palinso ena amene amati akufuna kupita ku usilikali wa ku Britain, kumene amalandira anthu ochokera m'mayiko a Commonwealth. Kumeneko amayesa kuthamanga ndiponso amaona BMI, nambala yoyerekeza kulemera kwa munthu ndi kutalika kwake. Ya inuyo achimwene ili pafupifupi 29.7, kutanthauza kuti mwatsala pang'ono kulowa m'gulu la onenepa kwambiri limene limayambira pa 30. Kuti mufike pa 25 muyenera kukhala ndi makilogalamu 74. Kutsika koyenera ndi theka la kilogalamu mpaka kilogalamu imodzi pa sabata, ndiye makilogalamu 14 amenewo ndi ntchito ya miyezi inayi mpaka isanu ndi iwiri. Ngati mukufuna zichitike m'mwezi umodzi, ndilibe chokuuzani. Ndiponso simukuyenera kufika pa 74 ndendende, munthu wa minofu yambiri BMI imamunamizira.

Nanga kadzutsa?

Idyani. Kuthamanga pang'ono kwa mphindi 30 musanadye si tchimo, ambiri amatero, makamaka ngati chakudya chimawavuta m'mimba. Imwani kapu ya madzi, mukafuna dyani nthochi imodzi, pitani. Koma mukabwerako pakhale chakudya chenicheni. Ine ndimaika patsogolo phala la mgaiwa lothira nsinjiro, kapena Likuni Phala yemwe ali ndi soya kale, shuga supuni imodzi kapena osathira. Mgaiwa uli ndi gaga, umakhalitsa m'mimba kusiyana ndi ufa woyera. Mbatata yophika kapena chinangwa ndi zabwinonso, koma zisayende zokha: onjezani mazira awiri owiritsa, lililonse lili ndi magalamu 6 a zomanga thupi, kapena mtedza wodzaza dzanja limodzi, kapena nyemba zotsala dzulo. Mazira akadula, usipa ndi bonya zilipo. Chimene ndikukaniza ndi buledi woyera theka lathunthu wopaka Blue Band mbali zonse, mandasi, zitumbuwa zokazinga ndi tiyi wa masupuni anayi. Zimenezo pofika 10 koloko njala yabweranso. Thobwa nayenso muzimuona ngati chakudya, si madzi. Masana ndi madzulo kumbukirani magulu asanu ndi limodzi a zakudya aja amaphunzitsa kusikelo ya ana, amagwiranso ntchito kwa akuluakulu, ndipo theka la mbale likhale masamba: bonongwe, chisoso, nkhwani, mpiru.

Za kuthamanga ndifupikitsa. Mwezi woyamba katatu pa sabata, mphindi 30, kusinthanitsa mphindi imodzi yothamanga ndi ziwiri zoyenda ndawala. Sankhani msewu wafumbi kapena bwalo la mpira, tala muipewe. Masiku enawo yendani mtunda, kabaza musiyeni. Mwezi wachiwiri chulukitsani mphindi zothamanga mpaka muzikwanitsa 20 kapena 25 osaima, pa liwiro loti mukhoza kulankhula. Mwezi wachitatu onjezani tsiku lachinayi, ndipo tsiku limodzi likhale la liwiro: mamita 400 mwamphamvu, kupuma mphindi ziwiri, kasanu kapena kasanu ndi kamodzi. Mtunda wa pa sabata usamakwere kwambiri nthawi imodzi, ambiri amatsata malire a magawo 10 pa 100. Kawiri pa sabata chitani ma push-up, ma squat, kudzikoka pa nthambi kapena pa chitsulo cha golo. Kuyenda ndi chikwama cholemera kudikire mwezi wachitatu, muyambe ndi makilogalamu 5. Tsiku limodzi pa sabata ndi lopuma kotheratu.

Pofuna kudziwa ngati mukupita patsogolo, kamodzi pa mwezi dziyeseni ndi njira imene dokotala Kenneth Cooper anakonzera asilikali a ndege a ku America mu 1968: thamangani mphindi 12, muone mtunda. Pa bwalo la mamita 400 ngati la pa Bingu National Stadium, kuzungulira kasanu ndi kamodzi ndi mamita 2,400, ndipo kwa mnyamata wa zaka za m'ma 20 pamenepo ndi poyambira pabwino. Zimene a MDF adzafune pa tsikulo muwerenge pa chilengezo chawo chikatuluka, ndipo aliyense wokuuzani kuti mumupatse ndalama akulowetseni ndi wakuba.

Ndalama yomwe mukanagulira tiyi uja gulirani nsapato zokhala ndi mphira wokhuthala kunsi, pa kaunjika zimapezeka mukalawirira pamene akutsegula belo. Musanayambe pitani kuchipatala akuyezeni BP ndi shuga. Mukadwala malungo malizani mankhwala, mupume, musathamange thupi likutentha. Ndipo zizindikiro zitatu izi zikabwera imani tsiku lomwelo mukaonane ndi dokotala: kupweteka pachifuwa kapena chizungulire pothamanga, mkodzo wakuda ngati tiyi wopanda mkaka mutachita masewera amphamvu, ndi ululu wa pamsongolo umene mungathe kuuloza ndi chala chimodzi.