"Biweekly" pa pepala la ngongole: mudzalipira kangati?

Amayi ena a ku Chawama, amene amagulitsa salaula pa msika wa Soweto, anandilembera imelo sabata yatha. Anatenga ngongole yoodera belo la zovala, ndipo pepala limene anasaina likuti azibweza K500 "biweekly". Mwana wawo wa giredi 12 akuti ndi kawiri pa sabata, koma mnzawo wa pa tebulo loyandikana akuti ndi kamodzi pa masabata awiri. Akufunsa kuti wolondola ndani, komanso kuti mawu ena a Chingerezi onena za kangati aziwamva bwanji.

Amayi, palibe amene walakwa pa awiriwo, ndipo vuto lagona pomwepo. Madikishonale a Chingerezi amapereka matanthauzo onse awiri. Kachidutswa ka "bi-" kamangonena za ziwiri, koma sikanena ngati ziwirizo ndi maulendo olipira kapena ndi masabata. Pa nkhani za malipiro ndi ngongole, kawirikawiri amatanthauza kamodzi pa masabata awiri, makamaka m'Chingerezi cha ku America. Koma "kawirikawiri" si mawu oti munthu aikirepo ndalama za bizinesi yake. Taonani kusiyana kwake: mukamabweza kawiri pa sabata, ndiye kuti K1,000 ikuchoka m'chikwama sabata iliyonse. Mukamabweza kamodzi pa masabata awiri, pa sabata zikukwana K250 basi. Belo lomwelo, pepala lomwelo, koma wina akhoza kupuma, wina n'kutseka tebulo.

Chingerezi cha ku Britain, chimene tinaphunzira kusukulu kuno, chili ndi mawu osasokoneza, "fortnightly". Anachokera ku mawu akale otanthauza mausiku 14, choncho ndi kamodzi pa masabata awiri, palibe kutanthauzira kwina. Ndimadandaula kuti mawu abwinowa akusowa m'mapepala ambiri masiku ano. Ndimaganiza kuti chimodzi mwa zifukwa zake n'choti anthu amakopera mafomu a pa intaneti osayang'ana kuti analembedwera dziko liti.

Pali msampha wina umene ngakhale ophunzira amagwamo. Kamodzi pa masabata awiri n'kosiyana ndi kawiri pa mwezi. Chaka chili ndi masabata 52, ndiye wolipira "every two weeks" amalipira ka 26, pamene wa "twice a month" amalipira ka 24. Pa K500 yanuyo, ndi K13,000 kwa woyamba ndi K12,000 kwa wachiwiri. Ndipo woyambayu adzakumana ndi miyezi ina imene tsiku lolipira lidzafika katatu. Amene mumachita chilimba cha masabata awiri mukudziwa mmene mwezi wotero umawawira, makamaka ukakumana ndi fizi ya ana.

"Bimonthly" ali ndi matenda omwewo: akhoza kukhala kawiri pa mwezi kapena kamodzi pa miyezi iwiri. Pa zaka, Chingerezi chinayesako kulekanitsa. "Biannual" ndi kawiri pa chaka, pamene "biennial" ndi kamodzi pa zaka ziwiri. Ine ndimakumbukira achiwiriwa ndi mpikisano wa Africa Cup of Nations, umene kwa zaka zambiri wakhala ukuchitika pakapita zaka ziwiri, ngakhale kuti Chipolopolo itatenga chikho ku Libreville mu 2012 wotsatira unabwera mu 2013 chifukwa ankasintha kalendala. Komabe mawu awiriwa amamveka mofanana kwambiri pakamwa, moti pa foni simungawadalire.

Ena ndi osavuta. "Daily", "weekly" ndi "monthly" mumawadziwa kale. "Annual" ndi kamodzi pa chaka, ngati Kulamba ku Mkaika ku Katete mu Ogasiti, kapena Nc'wala ku Mtenguleni mu Febuluwale. "Quarterly" ndi kamodzi pa miyezi itatu, kanayi pa chaka, ndipo amene anafunapo nyumba ya lendi mu Lusaka anakumanapo ndi eni nyumba ofuna ndalama za miyezi itatu nthawi imodzi. Zisankho zathu amati zimachitika "every five years", kungonena nambala poyera, ndipo umu ndi mmene ndikanakonda kuti mapepala onse azilembedwera.

Popeza nkhani yanu ndi ya ngongole, yang'ananinso pamene alemba chiwongoladzanja. Mukaona "per annum", kapena zilembo ziwiri p.a., ndi pa chaka. "Per month" ndi pa mwezi. Chiwongoladzanja cha 10 peresenti pa chaka pa K5,000 ndi K500 chaka chonse, koma 10 peresenti pa mwezi ndi K500 mwezi uliwonse, K6,000 pofika kumapeto kwa chaka, osawerengera chiwongoladzanja choberekana. A kaloba amadziwa kuti maso a munthu wopanikizika amathamangira pa nambala, osati pa timawu tili pambali pake.

Mawu awa ndimawatenga mozama chifukwa anandipwetekapo, osati pa ndalama koma pa mankhwala. Bambo anga atadwala, ndinawatengera mapiritsi pa kiliniki ina, ali m'kapepala kapulasitiki kolembedwa pamanja kuti "every other day". Ine ndinangoona "every" ndi "day", n'kumawapatsa tsiku lililonse mpaka masiku anayi. Anali mlongo wanga, atawerenga mapiritsi otsala pa mbale, amene anazindikira kuti akutha msanga. Tinabwerera kukiliniki tsiku lomwelo mtima uli m'mwamba. Mwamwayi sanavulale, koma manyazi ndi mantha a tsikulo sindinawaiwale. "Every other day", kapena "alternate days", ndi kumwa lero, mawa n'kudumpha, mkuja n'kumwanso. Ndipo mukaona "8 hourly", ndi pakapita maola 8 alionse, usiku womwe, osati kungotsatira nthawi ya chakudya.

Mwana wanu amene akukonzekera mayeso mumuuzenso za "hardly ever". Ana ambiri akaona "hard" amaganiza za kulimbikira, koma mawuwa amatanthauza kuti chinthucho sichichitikachitika, pafupifupi sichichitika n'komwe. "Seldom" ndi "rarely" ali m'gulu lomwelo.

Tsono Amayi, tsiku loyamba kubweza lisanafike, tengani pepalalo mupite nalo kumene munasaina. Musawafunse kuti "biweekly" akutanthauza chiyani, chifukwa akhoza kukuyankhani ndi Chingerezi china chosokoneza. Afunseni m'Chinyanja chathu chomwechi kuti mudzalipira pa deti liti, lotsatira ndi liti, ndipo maulendo onse ndi angati. Madetiwo awalembe pa pepala lanulo, asaine, adinde ndi chidindo. Mutenge ndi mwana wanuyo kuti awerenge nanu, ndipo musanatuluke ajambule pepalalo pa foni.